Galasi la Pakati pa Amayi ndi Mkamwini Wawo

Chaka chimene alamu anagula pikapu, mwendo wa amayi unali utayamba kale kuvuta. Kanayamba ngati kachilonda kakang'ono pamwamba pa kakolo, pamene anabayidwa ndi chitsa m'munda wa mpunga ku Lifuwu, koma m'malo mopola kanangokulirakulira mpaka kufanana ndi chikhatho cha mwana. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anatsuka, kumanga, kenako anatiuza kuti chilondacho n'chofunika a chipatala cha ku boma, ku Salima, ndipo amayi azipita kumeneko kawiri pa sabata osadumphitsa.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, aliyense ali pakalikiliki ndi geni. Alamu, amuna awo a achemwali anga aakulu, ankapikula nsomba kwa asodzi ochokera ku Mbenji n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo zinawayendera mpaka anagula pikapu yakale yochokera ku Joni. M'mudzi monse galimoto inali yokhayo. Munthu wachilendo akanati vuto la amayi latha, poti galimoto ili pabwalo pomwepo ndipo njira ya ku Lilongwe imadzera pa boma. Koma alamu anali mkamwini pamudzi pathu, amayi apongozi awo.

Chikwatirireni, awiriwa anali asanayang'anizanepo maso. Akakumana panjira, amayi ankapatukira kutchire, alamu n'kutembenukira kwina mpaka adutsane. Polankhulana ankadzera mwa ife ana, ngakhale onse ali poti akumvana bwinobwino. Sikunali kudana ayi. Chambo chachikulu cha tsikulo chinkapita kunyumba kwa amayi, ndipo amayi akakhala ndi anzawo pamjigo ankamutama mkamwini wawo mpaka ena kunyansidwa. Mwambo wothetsa manyazi otere ulipo, koma woyenera kuuyendetsa anali amalume, amene anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo makalata athu ankayankha akafuna.

Chimene chinkawavuta amayi chinali galasi la kumbuyo kwa dalaivala. Iwo akanakhala kumbuyo pamphasa, atatsamira pomwepo, mwendo wodwalawo atautambasula, nsalu atayikweza mpaka m'bondo kuti isakhudze chilonda. Alamu akangokweza maso pa kalilole wa m'katimo, zonsezo akanaziona. Achemwali anayesa kumangirira chitenje m'kati ndi chingwe, amayi n'kulola monyinyirika. Sitinafike patali. Galimoto itagunda dzenje pafupi ndi minda ya mpunga, chitenje chinagwa, amayi anacheuka modzidzimuka, maso awo n'kukumana ndi a alamu m'kalilole muja. Anamenya denga kuti galimoto iime, anatsika, ndipo anabwerera kunyumba wapansi akutsimphina, ine ndili pambuyo ndi mphasa. Njira yonse anangonena mawu awiri okha: "Nsalu imagwa."

Kuyambira pamenepo ndinkawakweza pa njinga mpaka kumsewu wa phula kukadikira matola. Mchenga wa kwathu suyendeka ndi munthu pakaliyala, choncho theka la njira ndinkakankha. Tsiku lina matola ankabwera odzaza, tsiku lina amayi ankadzuka mwendo utatupa moti sakanatha kukhala pa njinga. Tinayamba kudumphitsa masiku. Chilonda chinayamba kununkha, ndipo adokotala a ku boma anandiitanira pambali n'kundiuza mosabisa kuti tikapitiriza chonchi, mwendowo udzafika poti n'kuudula. Nditawauza achemwali, iwo anapempha amuna awo kuti akhome katoni pagalasipo kapena apakepo penti. Alamu anati galimoto yawo si khola la nkhunda. Koma ndinaona kuti nawonso sizinkawagonetsa tulo, chifukwa patapita masiku awiri anandiitana.

Ine panthawiyo ndinali nditalemba mayeso a Sitandade 8 kawiri osasankhidwa. Ndinali wamanyazi, wa mtundu woti mlendo akandifunsa dzina ndinkayamba ndayang'ana zala za kumapazi. Chimene anthu ankandidziwa nacho chinali manja. Kusukulu aphunzitsi ankandipatsa mabuku awo kuti ndiwakute, poti ndinkapinda makona osasiya khwinya, ndipo asodzi ankandiitana kukalemba mawu pa mabwato awo.

Alamu anandiuza kuti ku Lilongwe anaona magalimoto a mabwana atsopano ali ndi magalasi onyezimira, oti munthu wa panja amangodziona yekha. Ankamata mapepala ena ake apulasitiki otchedwa tinti. Anamva kuti pafupi ndi depoti ya minibasi ku Salima pali bambo wina wogulitsa mapepalawo, koma kuti akumatire yekha amalipiritsa pafupifupi mtengo wa pepala lomwelo. Nzeru yawo inali yoti ine ndipite, ndikaone mmene amamatira, ndikagule pepala lonyezimira lokwana magalasi atatu, a zitseko ziwiri ndi la kumbuyo lija, ndidzamate ndekha. Apongozi awo akwera, iwonso aoneka bwana.

"Lonyezimira, mlamu, wamva? Usakandibweretsere zinazake. Ndikufuna ndikamadutsa pa depoti anthu azipesa tsitsi pa galimoto yanga."

Ndinavomera ndi manja awiri. Aka kanali koyamba kuti munthu wamkulu anditume ntchito ya ndalama zochuluka chotero, ndipo ndinazisokerera m'thumba la kabudula wam'kati kuti zisagwe.

Bambo wa tinti uja anali ndi kashopu kamdima kodzaza ndi zomata za pa minibasi. Anali wolankhula kwambiri, ndipo zimenezi zinandithandiza chifukwa ine sindinkafunika kunena zambiri. Tsiku limenelo ankamata minibasi, ndipo ndinakhala pa tayala lakutha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, kuonerera. Ndinaona kuti pepala amalimata m'kati, osati kunja. Ndinaona mmene ankapalira galasi ndi lezala, mmene ankalinyowetsera ndi madzi a sopo, ndi mmene ankakankhira madziwo kuchokera pakati kupita m'mbali. Atamaliza anandifunsa ngati ndabwera kudzagula kapena kudzaba ntchito. Ndinayankha kuti zonse ziwiri, chifukwa sindinkadziwa kunama, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Ananditulutsira chidutswa cha galasi chimene anamatapo timapepala ta mitundu itatu. Lakuda bii linali lotchipa, koma iye mwini anavomera kuti ndi dzuwa la ku Salima silichedwa kusuluka n'kutuluka matuza. Lachiwiri linali la mtundu wa utsi, la mtengo wapakati, lokhalitsa koma losabisa kwenikweni. Lonyezimira ndiye linali lodula, mita imodzi mtengo wake wa mamita awiri a lakuda n'kupitirirapo. Ndalama za alamu zinkakwana lonyezimiralo ndendende, poti anali atafunsiratu.

Ndikanangolipira n'kumapita. Koma ndili ndi chizolowezi, mpaka lero, choti chinthu ndisanachidule ndimachitembenuza kaye mbali zonse. Ndinapempha kuti ndigwireko galasi lija. Nditaima nalo panja n'kuyang'ana m'shopu, ndinangoona nkhope yanga. Kenako ndinalowa nalo m'kati, mumdima muja, n'kuyang'ana panja. Ndinaona zonse. Ndinaona mayi wogulitsa nthochi tsidya la msewu, ndinaona ngakhale pini imene anamangira bulauzi yake. Ndinayesa lakuda lija, chimodzimodzi. M'galimoto, alamu ndiwo akanakhala mumthunzi, amayi padzuwa. Amayi akanadziona okha pagalasi n'kumakhala mosatekeseka, mwendo uli pamtunda, pamene mkamwini wawo akuwaona bwino kuposa kale.

Ndinamufotokozera bamboyo mwachibwibwi. Iye anati imeneyo ndiyo ntchito ya tinti, kuti uziona anthu iwo osakuona, ndipo palibe amene anabwerapo kudzadandaula za zimenezo. Nditamuuza za amayi ndi alamu, anadabwa nane.

"Nanga mayi akowo adziwa bwanji, mphwanga? Iwe mata, iwo akwere, mwendo upole. Watayapo chiyani?"

Kunena zoona ndinaganizira. Inali njira yoti aliyense akondwe nane tsiku lomwelo. Koma ndinkawadziwa ana a achemwali, amene ankasewera m'galimotomo tsiku lililonse. Sabata isanathe mmodzi akanathamanga kukanena kuti agogo, m'katimu mumaoneka. Zikanatero amayi sakanakweranso galimoto imeneyo moyo wawo wonse, ndipo akanadziwa kuti wowavula pamaso pa mkamwini ndi mwana wawo yemwe. Ndinafunsa ngati pali pepala loti onse awiri asaonane.

Anakanda mutu, n'kulowa kuseri kwa makatoni. Anatulukako ndi mpukutu waung'ono wa pepala loyera ngati madzi a mpunga, lolowetsa kuwala koma losaonetsa kanthu mbali zonse ziwiri. Anati linatsala pamene ankamata mawindo a mabafa pa nyumba ina ya alendo kunyanja, ndipo chibadwire sanamvepo munthu akuliika pa galimoto. Silinali lotchipa, komanso anakana kulidula, ati chotsalacho adzagulitsa kwa yani. Nditagula limenelo, ndalama zotsala sizikanakwana lonyezimira la zitseko, ngakhale la utsi lija. Zikanangokwana lakuda lotchipa.

Ndinaima pakhomo pa shopuyo nthawi yaitali moti bamboyo anandifunsa ngati ndamera mizu. Mawu a alamu ankangobwerera m'makutu. Ine amene ndinali ndisanakanepo ngakhale kutumidwa madzi, ndinali pafupi kugwiritsa ntchito ndalama za eni mosiyana ndi mmene ananditumira. Ndinagula loyera ndi lakuda. Bamboyo anandiwonjezera malezala awiri ulere, ati ndi chipepeso cha maliro anga.

M'matola pobwerera ndinakonza mawu ambiri, koma nditafika pamaso pa alamu onse anathawa. Ndinangotambasula mipukutu iwiriyo pamphasa. Anatenga loyeralo, kuliyang'anitsa kudzuwa, n'kufunsa kuti n'chiyani. Nditanena kumene linatsala, achemwali anagwira pakamwa.

"Ndinakutuma cha mabwana, iwe wandibweretsera cha kubafa? Mlamu, ndinakulakwira chiyani ine?"

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti alowe m'galimoto akhale pampando wawo. Bambo uja anali atandipatsa kachidutswa ka pepala lonyezimira kotsala pa minibasi. Ndinakanyowetsa, kukamata pagalasi la kumbuyo, n'kupempha achemwali kuti akwere akhale pamene amayi amakhala. Achemwali anati akungodziona okha. Ndinafunsa alamu chimene akuona m'kalilole. Anati akuona mkazi wawo akutokosa m'mano.

Anatsika, anazungulira galimoto, anayang'ana yekha kuchokera kumbuyo, n'kubwereranso m'kati. Anachita zimenezi kawiri. Pomaliza anati za kumbuyo sadera nkhawa, poti akadzaza madengu a nsomba galasilo saonerapo kale, amadalira akalilole a m'mbali. Anandiuza kuti ndimate, koma likatuluka ndi khwinya ngakhale limodzi ndidzasenza madengu mpaka Khirisimasi.

Ndinasankha kugwira ntchitoyo m'mamawa, mwera usanayambe kuulutsa mchenga, m'shedi imene tinkasungiramo mpunga. Achemwali anawaza madzi pansi kuti fumbi ligone. Madzi a m'nyanja ndinawakana chifukwa sasowa timchenga. Ndinakatunga a pamjigo n'kuwasefa pa mpango watsopano. Ndinasungunuliramo sopo pang'ono, kusefanso, n'kuthira m'botolo limene ndinaboola chitsekerero ndi singano kuti lizipopera. Chokankhira madzi ndinadula ku chigubu chakutha, kuchinola pamwala mpaka kusalala, n'kuchikulunga m'kansalu.

Ntchito yaikulu inali kutsuka. Galimoto ya nsomba imakhala ndi mamba paliponse, ena ouma omatirira pagalasi ngati anabadwira pomwepo. Ndinapala ndi lezala katatu konse. Ndinayamba ndi zitseko kuti manja azolowere pa pepala lotchipa, ndipo zinatheka, kupatula pakona pena pamene ndinadula mopitirira pang'ono. Kenako ndinafika pa loyera lija, limene linali limodzi lokha, lopanda lina losinthira. Ndinaliyeza kunja kwa galasi, kulidula, kulisenda, kulinyowetsa, n'kuligoneka m'kati. Ndikukankha madzi, ndinaona kakuti tuu pakati penipeni. Kanali kachidutswa ka mamba kamene kanagwa kuchokera kudenga la galimoto.

Alamu anali ataima pakhomo la shedi, ndipo anati ndikasiye, n'kakang'ono. Ndinapopera madzi m'mphepete, n'kuyamba kukweza pepalalo pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira, podziwa kuti likapindika mzerewo sudzachoka. Nditafika pamene panali mamba ndinawanyamula ndi nsonga ya lezala, kupoperanso, n'kuligoneka kachiwiri. Nditamaliza, galasi lonse linali mbee ngati analiumba choncho. Alamu analisisita ndi chikhatho kufuna khwinya loti andisenzetsere madengu, osalipeza. Anangoti, "Manja awa akuwonongeka ndi khasu," n'kutuluka.

Wovomereza weniweni anali amayi. Madzulo a tsiku lotsatira alamu anauzidwa kuti apite kudooko akaone mabwato, ndipo atapita amayi anabwera ndi ndodo yawo. Sanayambe ndi kumbuyo. Anandiuza kuti nditsegule chitseko cha dalaivala, anakwera movutikira, n'kukhala pampando wa mkamwini wawo, manja ali pachifuwa kuopa kukhudza chiwongolero. Anandituma kuti ndikakhale kumbuyo, nditambasule mwendo, ndikweze buluku mpaka m'bondo. Ndinachita. Kenako anandiitana ali m'katimo.

"Ulipo?"

"Ndilipo, amayi."

"Kweza zala."

Ndinakweza zitatu. Anati akuona chithunzithunzi ngati cha munthu ali kuseri kwa chifunga, koma zala sakuziona, mwendonso sakuuona. Anafunsa ngati chimenechi chimagwa. Ndinati sichigwa, ngakhale galimoto igunde dzenje lotani. Anayesa kuchikanda ndi chikhadabo pakona, chinakana. Atatsika anandiuza kuti ndikauze achemwali atsuke mphasa ija.

Maulendo athu anali ndi dongosolo lake. Alamu ankalowa poyamba, kutseka chitseko, kukweza magalasi akuda aja, maso kutsogolo. Ine ndinkabwera ndi amayi kudzera kuseri kwa nkhokwe, kuwakweza, kuwakhazika pakati penipeni pamene akalilole a m'mbali safika, n'kugogoda denga kawiri. Ku boma chimodzimodzi: alamu sankatsika mpaka nditagogodanso, amayi atalowa kale pageti. Masiku a chipatala alamu ankanyamula madengu ochepa kuti amayi apeze malo, ndipo sanadandaulepo. Kuyambira nyengo yozizira mpaka mvula yoyamba sitinadumphitse tsiku ngakhale limodzi.

Pa depoti ankatiseka. Makondakitala ankafunsa alamu ngati m'galimotomo muli shawa. Kutentha kutafika, pepala lotchipa la pazitseko linachita zimene bambo uja ananena: linasuluka n'kusanduka mtundu wa mabilingano, m'munsi muli timatuza. Alamu anapezerapo dzina londitcha, ndipo kulikonse ankandiitana kuti mlamu wa mabilingano. Koma loyera lija silinasinthe. Akamwini awiri a m'midzi yoyandikana nafe, mmodzi wa lole ya mpunga, anabwera kudzaliona, ndipo alamu ankawaonetsa ngati nzeruyo inali yawo, kenako n'kuloza ine kuti womata ndi uyu. Umu ndi mmene ndinayambira ntchito imene yandidyetsa mpaka lero.

Tsiku limene adokotala anamasula bandeji n'kunena kuti basi, amayi asabwerenso, mitambo inali itayamba kusonkhana kutsidya kwa nyanja. Pachilonda paja panatsala chipsera chosalala. Titafika kunyumba ndinadumpha kuti ndiwatsitse monga mwa masiku onse, koma anandikaniza ndi dzanja. Anakhalabe chotsamira galasi loyera lija, alamu ali kuseri kwake, injini itazima. Analankhula ndi ine, koma mokweza kuposa mmene munthu amalankhulira ndi amene ali pambali pake.

"Uwauze eni galimotoyi kuti mwendo uwu ndi wawo. Ndikanakhala wa ndodo ziwiri."

Ndisanatsegule pakamwa, mawu anatuluka m'kati.

"Uwauze amayi kuti ndamva. Galimotoyi ndi yawo."

Amayi anakonza nsalu yawo, kuitsitsa mpaka kumapazi koyamba pa miyezi yonseyo, n'kuwonjezera kuti ndiwauzenso kuti aleke kundiseka pagulu ine mwana wawo, poti ndikanamvera zimene ndinatumidwa, bwenzi pano tikunena zina. Ine ndinali nditaima pakati pawo, maso pa zala za kumapazi, ndipo uthenga umenewo sindikanatha kuufikitsa. M'kati munamveka kukhosomola, kenako kuseka kobisa.

"Uwauze kuti zimenezonso ndamva. Koma dzina la mabilingano ndiye sindisiya."

Amayi anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Anandipatsa ndodo yawo kuti ndinyamule, natsika okha. Atakhota kuseri kwa nkhokwe, ndinagogoda denga kawiri.